GALIMOTO YAKALE IKAYAMBA KUMWA MAFUTA MOPITIRIRA MUYESO

Limodzi la madandaulo amene sakutha pa magalaja a m'Chipata, kuyambira kwa amakanika a ku Kapata kufikira kwa aja okonzera pansi pa mitengo ya mango m'mbali mwa mseu wa ku Lundazi, ndi lakuti galimoto ikumwa mafuta. Woyendetsa takisi adzakuuzani kuti petulo amene kale anali kumfikitsa ku malire a Mwami ndi kubwerako kawiri, tsopano akumthera pa ulendo umodzi ndi theka, kotero kuti madzulo ndalama ya mwini galimoto siikwana. Mlimi amene anagula vaneti yakale ndi ndalama za fodya amapeza kuti phindu la nshawa zake lathera mu thanki asanafike nazo n'komwe pa msika.

Ambiri zikafika pamenepa amathamangira kukagula mapulagi atsopano, kapena kuuza makanika kuti apotokoleko kabuleta. Ndalama zimapita, koma ludzu la galimoto limakhala lomwe lija. Colinga cathu lero ndi kuthandiza awerengi athu kuti adziwe poyambira pofufuza bvutoli, pakuti kawirikawiri colakwa cimakhala cinthu caching'ono ndi cosadula, cimene munthu akadaciona yekha akadayang'ana m'malo oyenera.

Tiyambe takumbukira kuti mafuta m'dziko lathu lino ndi katundu wocokera kutali. Akuluakulu sanaiwale zimene zinacitika Ian Smith atalengeza ufulu wake wosabvomerezeka ku Rhodesia pa 11 November 1965. Njira ya mafuta ya kumwera inatsekeka, petulo anayamba kugulidwa ndi makuponi, ndipo migolo inali kubwera pa ndege ndi pa malole kucokera ku Dar es Salaam, pa mseu woipa umene madalaivala anaupatsa dzina lakuti Hell Run. Paipi ya Tazama, yotalika makilomita 1,710 kufika ku Ndola, inatha mu 1968, ndipo malo oyengera mafuta a Indeni anatsegulidwa mu 1973, caka comwe mitengo ya mafuta inayamba kukwera koopsa pa dziko lonse lapansi. Indeni inaleka kuyenga mafuta mu 2021, ndipo mu 2023 paipi ija inayamba kunyamula dizilo woyengedwa kale. Mu December 2021 boma linacotsa thandizo limene linali kuika pa mtengo wa mafuta, ndipo lita imodzi ya petulo inacoka pa K17.62 kufika pa K21.16. Tsono lita iliyonse imene galimoto yanu ikutaya pa Umodzi Highway yayenda ulendo wautali ndi wodula kuti ifike kuno kum'mawa.

Nchito yoyamba siifuna sipana. Ifuna kope ndi pensulo. Anthu ambiri amaweruza galimoto ndi kamubvi ka pa geji, kapena ndi ndalama zimene apereka pa pampu, koma zonse ziwirizi zimanamiza. Kamubvi ka galimoto yakale kamatsika mofulumira pena ndi kuima pena, ndipo K200 siigula malita omwewo mtengo ukasintha. Njira yoona ndi iyi: dzazani thanki kufikira pampu itadula yokha, lembani manambala a makilomita, yendani monga mwa masiku onse, ndipo mubwerere pa pampu yomweyo kukadzazanso. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa kaciwiri. Ngati mwayenda makilomita 300 ndipo mwathira malita 30, galimoto yanu ikuyenda makilomita 10 pa lita. Citani zimenezi kawiri kapena katatu. Acikulire amene akali kuwerenga mamailosi pa galoni akumbukire kuti galoni ndi malita anai ndi theka, ndipo mailosi ndi kilomita imodzi ndi theka ndi kakang'ono pamwamba.

Kusiyana kwake sikwamasewera. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita idzafuna malita 48, pamene yoyenda makilomita 8 idzafuna malita 71. Kupita ndi kubwera, malita oposa 45 atayika, ndiye kuti pafupifupi thanki yathunthu ya Corolla. Kope lomweli limathetsanso milandu pakati pa mwini galimoto ndi dalaivala wake, pakuti si mafuta onse osowa amene anapita mu injini. Ena amatuluka usiku ndi kapaipi kulowa m'cigubu, ndipo ena sanagulidwe n'komwe.

Mukatsimikiza kuti galimoto ikumwadi, musatsegule boneti msanga. Yambani mwaizungulira. Ikani katoni pansi pake usiku, ndipo m'mawa muone ngati pali madontho, mununkhizenso. Mapaipi a labala amauma ndi kung'aluka ndi kutentha kwa October, ndipo miyala ya m'miseu ya m'midzi ya ku Chadiza, Vubwi ndi Chipangali imaboola thanki. Petulo amauluka msanga, motero kudontha kwakung'ono sikusiya cithaphwi. Mphuno ndiyo imagwira wakuba ameneyu. Galimoto yonunkha petulo siiyenera kuyenda tsiku linanso, cifukwa apa nkhani siikhalanso ya ndalama koma ya moto. Pa magalimoto akale a kabuleta, monga Peugeot 504, Datsun ndi Hilux ya petulo, pampu ya mafuta imakhala pa injini, ndipo kacikopa ka m'kati mwake kakang'ambika petulo amatsikira mu oilo. Cizindikiro cake n'cakuti oilo amakwera pa ndodo yopimira m'malo motsika, amakhala wamadzimadzi, ndipo amanunkha petulo.

Kenaka matayala. Aliyense wa m'Chipata, mzinda wa njinga, adziwa kulemera kwa njinga yopanda mpweya pokwera mtunda wa ku Kanjala, koma anthu omwewo amayendetsa galimoto miyezi itatu osapima matayala. Muyeso woyenera umalembedwa pa kapepala ka pa mphuthu ya citseko ca dalaivala, ndipo pa magalimoto ang'ono ambiri umakhala mapaundi 30 kapena kuposerapo pang'ono. Pimani m'mawa matayala asanatenthe. Tayala likadyeka mbali imodzi, miyendo yapotoka ndi maenje, ndipo galimoto ikukhukhuluza labala pa phula m'malo mogudubuzika. Mabuleki nawonso amagwira okha, makamaka dzinja likatha, matope atalowa mu waya wa handibuleki. Yendani makilomita angapo pa mseu woongoka, imani, ndipo yandikitsani dzanja pa gudumu lililonse. Limene latentha kuposa anzake liikeni pa jeke ndi kulizunguza ndi dzanja. Likakana kuzungulira momasuka, mwapeza kumene mafuta akupita.

Tsopano titsegule boneti, ndipo tiyambe ndi kacitsulo kamene ambiri amakaona ngati mdani: thermostat. Kameneka ndi kacitseko ka pa njira ya madzi kamene kamakhala kotseka injini ikali yozizira, ndipo kamatseguka madzi akatentha, pa magalimoto ambiri a Toyota pa madigiri 82. Cizolowezi cafala pakati pa amakanika athu cakuti galimoto ikangofika kucokera ku Japan amakacotsa, akumati kanapangidwira maiko ozizira ndipo kuno kadzawiritsa injini. Maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo awonongetsa ndalama zambiri. Injini inapangidwa kuti igwire nchito itatentha, pafupifupi madigiri 90, kaya iri ku Tokyo kaya ku Mfuwe. Petulo sapsa bwino m'zitsulo zozizira, ndiye cifukwa cake injini yozizira imapatsidwa petulo woonjezera, pa galimoto yakale ndi choke, pa yatsopano ndi kompyuta. Thermostat ikacoka, m'mawa wa June ndi July injini siifika pa kutentha kwake, ndipo kompyuta imapitiriza kuonjezera petulo ulendo wonse poganiza kuti galimoto yangolizidwa kumene. Petulo wotsalayo amatsuka oilo m'zipupa za masilinda, ndipo injini imakalamba msanga. Ngati kamubvi ka kutentha sikafika pakati mutayenda mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kapena kamatsika mukamathamanga, funsani makanika ngati thermostat ilimo. Galimoto imene imawira iri ndi matenda ena: rediyeta yatsekeka ndi dzimbiri ndi madzi a pa mjigo, civindikiro cake catha mphamvu, kapena fani siikuzungulira. Kucotsa thermostat kuli ngati kucotsa citseko ca nyumba cifukwa denga likudontha.

Injini ya petulo imafuna mpweya wambiri kuposa mafuta. Pa kulemera kwake, magawo 14.7 a mpweya amapsereza gawo limodzi la petulo, ndipo mpweya ukacepa kapena petulo akaculuka, wotsalayo amatuluka ku ekizosi ngati utsi wakuda. Utsi ndi mboni yabwino. Wakuda ndi mafuta osapsa, wabuluu ndi oilo, ndipo woyera umene suleka injini itatentha ndi madzi amene akulowa m'masilinda. Mapulagi nawo ndi mboni. Masulani limodzi mutayenda ulendo wautaliko: nsonga yake ikakhala ya mtundu wa dothi louma, zinthu ziri bwino, ikakhala ndi mwaye wakuda wouma, petulo waculuka, ikakhala yonyowa ndi oilo, injini yatha. Apa m'pamene ambiri amataya ndalama, pakuti pulagi lakuda si ndilo matenda, likungonena za matenda. Mukaika latsopano, nalonso lidzada pa mlungu umodzi.

Kwa a magalimoto a kabuleta, coyamba ndi sefa ya mpweya. Ulendo umodzi wa ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba m'mwezi wa August, mutatsatana ndi magalimoto ena m'fumbi, ungathe kuitseka. Iyang'anitseni ku dzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, gulani ina. Musaicape ndi madzi ngati iri ya pepala, ndipo musayende popanda sefa, cifukwa fumbi lidzapala masilinda ngati msasa. Caciwiri ndi choke: injini itatentha, kacitseko ka pakamwa pa kabuleta kayenera kuima cilili. Kakakhala kopendekeka, galimoto ikuyenda itatsamwa. Cacitatu ndi kabotolo koyandama ka m'kati mwa kabuleta pamodzi ndi kasingano kake. Kabotoloko kakaboola, kapena kasingano kakadyeka, petulo amasefukira ndipo kabuleta imanyowa kunja. Pali cizolowezi cinanso coipa cotokosa timaenje ta majeti ndi waya pofuna kucotsa zinyalala. Majeti ndi a mkuwa wofewa, waya amakulitsa bowo, ndipo kuyambira tsiku limenelo galimoto imamwa mopitirira. Jeti imauziridwa ndi mpweya, siitokosedwa.

Tichuleponso za kasikuluu kamene amakanika amakonda kupotokola mwini galimoto akuonerera. Pa makabuleta ambiri kameneka kamalamulira petulo pamene galimoto yaima ndi injini ikulira. Mukangoponda moto pa mseu, majeti ena ndiwo amatenga nchito. Motero kukamanga kwambiri kumangocititsa kuti galimoto izizima pa mphambano, ndipo pa ulendo wa ku Katete imamwa monga kale. Cinanso n'cakuti Chipata iri pa mtunda woposa mamita 1,000 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kabuleta imene inakonzedwera ku Durban kapena ku Dar es Salaam imapereka petulo woculukirapo pang'ono ikafika kuno, ndipo makanika wodziwa nchito yake amakumbukira zimenezi.

Moto wa mapulagi uyenera kubwera pa nthawi yake. Mapointi akadyeka, kapena distributor ikasunthidwa mwa kungomvera ndi khutu, moto umacedwa, galimoto imasowa mphamvu, imatentha, ndipo dalaivala amaponda kwambiri. Pemphani kuti nthawi ya moto ipimidwe ndi nyali yake. Yang'ananinso kapaipi kakang'ono ka labala kocokera ku kabuleta kupita ku distributor. Kakang'aluka kapena kucotsedwa, galimoto imamwa kwambiri pa maulendo aatali. Mawaya a mapulagi ayeseni usiku: lizani injini mu mdima, ndipo mukaona timoto tabuluu tikudumpha pa mawaya, mphamvu ikutayika isanafike pa pulagi.

Koma magalimoto akale ambiri amene anabwera kucokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi malire a Nakonde, ma Corolla, ma Spacio ndi anzao, alibe kabuleta. Petulo amapopedwa ndi ma injector, ndipo wolamula ndi kompyuta imene imamvera timasensa tingapo. Pa magalimoto amenewa sefa yotsekeka imacepetsa mphamvu kuposa mmene imaonjezera ludzu, pakuti kompyuta imacepetsa petulo mpweya ukacepa. Wokayikiridwa woyamba ndi sensa ya pa ekizosi, imene imanunkhiza utsi ndi kuuza kompyuta ngati petulo waculuka kapena wacepa. Ikakalamba imacita ulesi, ndipo kompyuta imaonjezera petulo. Ndipo taonani cinthu cimene ambiri sacidziwa: ekizosi ikang'aluka pafupi ndi injini, monga zimacitikira galimoto ikagunda mwala, mpweya wakunja umalowa pa mng'aluwo, sensa imanena kuti petulo wacepa, ndipo kompyuta imathira wina pamwamba pa wokwana kale. Wowocherera zitsulo angathe kuciza bvuto limene mapulagi anai atsopano analephera. Waciwiri ndi sensa ya kutentha kwa madzi, imene ikafa imanamiza kompyuta kuti injini ikali yozizira. Pa injini zina, monga 1NZ, palinso sensa yopima mpweya pafupi ndi sefa. Kawaya kake n'kosacedwa kuduka, ndipo kamatsukidwa ndi mankhwala ake okha, osati ndi nsalu kapena petulo.

Galimoto yotere imanena yokha pamene pakupweteka, mwa nyali yacikasu ya cithunzi ca injini. Mukatembenuza kiyi nyaliyo iyenera kuyaka, ndipo injini ikalira izime. Ikapanda kuyaka n'komwe, dziwani kuti wina anacotsa babu kapena anamata tepi kuti galimoto igulike. Pa ma Toyota a zaka za m'ma 1990, monga Corolla ya injini ya 5A, pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Makanika akalumikiza mabowo a TE1 ndi E1 ndi kawaya, nyali ija imaphethira manambala: 21 ndi sensa ya pa ekizosi, 22 ndi ya kutentha kwa madzi. Atsopanoko amafuna makina owerengera, ndipo ndalama yolipira makinawo ndi yocepa poyerekeza ndi kugula zitsulo mongoganizira. Ena amakulangizani kuti mugumule catalytic converter akuti galimoto ipume bwino. Ngati siinatsekeke, kuicotsa sikupulumutsa mafuta ngakhale dontho, ndipo wokulangizaniyo kawirikawiri adziwa kumene akaigulitse, pakuti m'kati mwake muli platinamu.

A magalimoto osintha okha magiya ayang'ane nyali yolembedwa O/D OFF. Pa ndodo ya giya pali kabatani kamene kamakhudzidwa mosadziwa, ndipo nyaliyo ikayaka giya yomaliza yatsekedwa. Munthu angathe kufika ku Petauke injini ikubuula m'giya yacitatu, iye n'kumadzudzula makanika. Kwa a magiya a dzanja, injini ikamakwera mau pa mtunda koma liwiro osaonjezeka, kilachi ikuterera.

Sitingasiye phazi la dalaivala. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo pa liwiro la makilomita 120 pa ola imaposa kawiri ya pa makilomita 80, ndipo matumba a makala pa denga amaonjezera pamenepo. Kusiya injini ikulira pa siteshoni podikira anthu, cifukwa batire ndi yofooka, kumadya theka la lita kapena kuposerapo pa ola lililonse galimoto isanasunthe. Pa mwezi umodzi mafuta amenewo angathe kugula batire. Koma pali njira imodzi yosungira mafuta imene tiyenera kuitsutsa poyera, ndiyo yocotsa giya pa mitsetse, monga ija ya pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, kapena m'mapiri a Manenekela. Pa galimoto ya ma injector, mukacotsa phazi pa moto giya iri m'kati, kompyuta imatsekeratu petulo, pamene mukacotsa giya injini imamwabe kuti isazime. Motero wocotsa giya sapindula kanthu, ndipo kulemera konse kwa galimoto amakusiyira mabuleki, amene akatentha amaleka kugwira. Wozimitsiratu injini ndiye woopsa koposa, pakuti akaponda buleki kawiri kapena katatu imauma ngati mwala.

Mafuta enieniwo nawonso nthawi zina ndiwo olakwa. Pamene mafuta anasowa ku Malawi mu 2011 ndi 2012, malonda a m'zigubu anakula m'madera a m'malire, ndipo kumidzi kumene kulibe pampu anthu amagulabe a m'mabotolo. Si onse ogulitsa amene ali acinyengo, koma petulo wosakaniza ndi palafini amacititsa injini kugogoda, kusowa mphamvu ndi kuda mapulagi, ndipo lita ya m'botolo siikhala lita nthawi zonse. Amene akukayika mafuta kapena muyeso wa pa pampu angathe kukadandaula ku bungwe la Energy Regulation Board, atasunga lisiti lake.

Pokonza, sinthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, ndipo mupimenso ndi kope lija, kuti mudziwe cimene cathandiza. Zonsezi zikalephera, pamatsala kupima mphamvu ya masilinda ndi geji imene imamangidwa pa bowo la pulagi. Masilinda onse ayenera kufanana, osasiyana kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Limodzi likatsika, makanika amathiramo supuni ya oilo ndi kupimanso: mphamvu ikakwera, maring'i atha, ikapanda kusintha, bvuto liri ku mavavu kapena ku gasiketi ya mutu wa injini. Nthawi zina mavavu amangofuna kupatsidwa mpata wake woyenera, nchito ya ola limodzi. Koma akakhala maring'i, mwini galimoto akhale pansi ndi kope lake, awerenge malita amene akutaya pa mwezi pamodzi ndi oilo amene akuonjezera, acurukitse ndi miyezi khumi ndi iwiri, ndipo ayerekeze ndi mtengo womasula injini kapena wogula ina yogwirapo kale nchito ku Lusaka. Akasankha kugula ina, apemphe kuti geji yomweyo imangidwe pa injiniyo asanapereke ndalama.